Maliro Amene Mpingo Unakana Kuyimba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawadulitsa amayi anga mumpingo. Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba mozembazemba, kumangoti amayi anadulidwa, ngati kuti kudulidwako kunabwera kokha. Lero ndinena mmene zinakhalira. Mwezi watha tinaika m'manda a Yotamu, ndipo onse amene anaimirira kuyankhula pamaliropo anatchula za kwaya, za mjigo, za odwala amene bambowo anawasamalira, koma nkhani ya maliro a amayi anga anailumpha onse ngati chithaphwi cha pamsewu. Ine sindiilumpha.

Kwathu ndi kufupi ndi Champiti, m'boma la Ntcheu. Nthawi imeneyo zipani zinali zitangochuluka kumene, azimayi akuvala nsalu za nkhope zosiyanasiyana, ndipo aliyense ankati tsopano tili pa ufulu. Bambo anga anaupeza ufulu wa mtundu wawo: anakwera basi ya ku Joni ine ndili sitandade wani, analemba makalata awiri, kenako zii. Amayi, aNangozo, anatsala ndi ana atatu, woyamba ine Lonesi, ndi munda wa chimanga wosadziwa feteleza. Ndiye anayamba kufulula mowa wa masese. Iwo sankamwa, ngakhale kulawa komwe ankachita kuitana munthu wina kuti awalawire. Koma sopo amene tinkasambira, yunifolomu yanga ya kusukulu ndi mchere wa m'ndiwo zinkachokera m'mbiya ziwiri zimene zinkakhala kuseri kwa khitchini.

Mudzi wonse unkadziwa. Ena mwa abambo amene Lamulungu ankakhala kutsogolo atavala majekete, Lachisanu ankadzera njira ya kumunda n'kudzabisala kuseri kwa nkhokwe yathu, chipanda chili m'manja. Maina awo ndikuwadziwa mpaka lero, ndipo iwonso akudziwa kuti ndikuwadziwa. Koma mpingo wathu unali ndi lamulo lakuti munthu sadulidwa chifukwa cha mphekesera. Pankafunika mboni yoti inene ndi pakamwa pake kuti ndaona. Mboniyo sinkapezeka, poti amene anaona ndi omwewo amene anamwa.

Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, cha nthambi. Abusa ankabwera kamodzi pa miyezi itatu kudzagawa Mgonero, ndipo masiku ena onse zinthu ankayendetsa ndi akulu a mpingo, wamkulu wawo a Mateyu. Sindiwanamizira a Mateyu. Sankamwa, sankaba, mkazi anali ndi mmodzi yemweyo. Anali owongoka ngati bulugama, ndipo monga zimakhalira ndi bulugama, pansi pawo sipankamera kanthu.

Tsiku lina titaweruka ku Sande sukulu anandiitanira pansi pa mtengo wa mango, n'kundiyamikira kuti ndaloweza bwino ndime ya tsikulo. Kenako anafunsa ngati akungocheza.

"Iwe Lonesi, mbiya zili kuseri kwa khitchini kwanu zija ndi za thobwa eti?"

"Iyayi, ndi masese," ndinayankha. "Thobwa amayi amaphika pa Khirisimasi pokha."

Ndinayankha monyadira kwabasi. M'mawa womwewo tinali titaphunzira kuti munthu wabodza sadzaona Ufumu, ndiye ndinkayesa akundipatsa mayeso ndipo ndakhoza. Kumbuyo kwanga kunali kutaima mkulu wina amene sindinamuone kuti wafika nthawi yanji. Patapita masabata awiri dzina la amayi linawerengedwa kutsogolo, khadi lawo la Mgonero linalandidwa, ndipo anauzidwa kuti bulauzi yoyera ndi duku loyera za amayi a mpingo asavalenso. Mboni sanaitchule. Ine ndinali pamphasa ya ana, mutu uli pansi, makutu akutentha. Amayi anaimirira, anatuluka mwaulemu, ndipo Lachitatu ananyika chimera monga mwa masiku onse.

Njira yobwerera mumpingo inalipo: kusiya mowa n'kulowa kalasi ya olapa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, atawachonderera kuti atero, amayi anangowafunsa kuti, "Ndikasiya, anawa adya kalasiyo?" Nkhani inathera pomwepo. Ine sindinaulule kanthu kwa munthu aliyense. Ndinkatunga madzi a mowa womwewo mwakhama kuposa kale, ndikumaganiza kuti mwina mitsuko ikachuluka mlandu wanga uchepa.

Tsopano ndinene za a Yotamu. Anali m'gulu la abambo aja amene anapita kumigodi ya ku Joni ife tisanabadwe, kusiyana kwake n'kwakuti iwo anabwerako. Anabwera ndi chifuwa chosatha, dzanja lamanzere lopanda chala chaching'ono, ndi akodiyoni yofiira imene ankaisunga m'thumba la ufa. Mawu awo anali atasasa ndi fumbi la mumgodi moti sankatha kuyimba mzere wonse osatsokomola, komabe ndi iwo amene ankaphunzitsa kwaya, ya akuluakulu ndi ya ana yomwe. Nyimbo ankakuuza ndi zala, iwe n'kumatsatira ndi pakamwa. Ukaphonya sankakalipa, ankangosiya kuliza n'kukuyang'ana mpaka uchite manyazi wekha. Anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo pa nkhani ya nyimbo analibe chibale. Ine ankanditcha Wezulo chifukwa mawu anga anali aang'ono koma obaya m'makutu.

Zaka zimenezo matenda aja anali atalowa m'midzi, amene tinkangowatchula kuti kaliwondewonde, ndipo anthu ankaopa ngakhale kapu imene wodwala wamwera. A kuchipatala atapempha anthu odzipereka oti aziyendera odwala m'makomo, amuna a m'mudzi mwathu anati imeneyo ndi ntchito ya azimayi. A Yotamu analembetsa. Malipiro panalibe, anangopatsidwa magolovesi, beseni ndi sopo, njinga inali yawoyawo. Pa njinga imeneyo ankanyamulapo odwala kupita nawo kuchipatala, atawamangirira kumsana kwawo ndi chitenje kuti asagwe. Ankameta ndevu amuna amene abale awo omwe ankawathawa. Ankafolera madenga a amasiye mvula isanayambe. Mjigo wathu ukawonongeka ankaumasula ndi masipanala awo, uku akuutukwana m'chilankhulo cha kumgodi kuti ife ana tisamve, ngakhale tinkamva ndithu kuti si mapemphero.

Amayi anayamba kudwala chaka chotsatira kudulidwa kwawo. Kuti kwenikweni anali matenda anji sindidziwa mpaka lero. Anthu anali atawapatsa kale dzina iwo asanapite n'kuchipatala komwe. Anaonda, anayamba kutsokomola, ndipo mbiya zija zinauma. Zitangouma, abambo a kuseri kwa nkhokwe aja anaiwala njira ya kwathu. Amayi a mpingo sanabwere ngati gulu, poti munthu wodulidwa sayenderedwa ndi yunifolomu. Ena ankabwera payekhapayekha, mozemba, kambale ka ufa kali m'chitenje. Sindiwanyoza, ufawo tinadya.

A Yotamu okha ndiwo sankadziwa kuzemba. Ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu dzuwa lili pamutu, njinga n'kuitsamiritsa pa mtengo wa pichesi pomwe aliyense wodutsa akanaiona. Akazi awo ankalowa m'nyumba kukawasambitsa amayi, iwo ali panja kuwaza nkhuni. Akamaliza ankakhala pakhonde n'kutulutsa akodiyoni m'thumba muja. Amayi ankagona pamphasa pafupi ndi khomo, maso ali otseka, milomo ikutsatira nyimbo popanda mawu. Tsiku lina, ine ndikutsuka mbale chapafupi, ndinamva akufunsa.

"Bambo Yotamu, ndikapita ine, adzandiyimba?"

A Yotamu anatsokomola nthawi yaitali kuposa mmene chifuwa chawo chinkafunira.

"Imwani phalali lisanazizire, mayi," anatero.

Amene simunakulire kwathu mwina simungamve kulemera kwa funso limenelo. Kwathu maliro a Mkhristu amayimbidwa. Kuyambira pasiwa, panyumba pamene pagona mtembo, mpaka kumanda, nyimbo sizidukiza. Amayi a yunifolomu amaima mizere iwiri, bokosi n'kudutsa pakati pawo. Koma munthu akamwalira ali wodulidwa, mpingo suyimba. Anthu amabwera ndithu, amakhuza, amaphika, amakumba manda, koma amabwera ngati anansi chabe, atavala wamba, ndipo bokosi limapita kumanda anthu ali chete, kumangomveka mapazi ndi kulira. Ndinali nditaonapo maliro otere kamodzi, a bambo wina wamitala, ndipo ana ake mpaka lero amatchulidwa kuti ana a uja sanayimbidwe uja. Chimenecho n'chimene amayi ankaopa kuposa imfa yeniyeniyo. Ndipo ine, nditagwira mbale m'manja, ndinkamudziwa munthu amene anawakonzera zimenezo.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, m'mawa wa Lachinayi. Amalume anapita kwa a Mateyu chipewa chili m'manja. Anawakumbutsa kuti mlongo wawo anali atasiya kufulula miyezi yambiri yapitayo. A Mateyu anayankha kuti kusiya chifukwa cha matenda si kulapa, ndipo kalasi ya olapa sanalowe. Abusa anali kutali, mafoni a m'manja anali asanafike kwathu. Amalume anabwerako n'kukhala pa mtondo wogwadika, akungopukusa mutu.

Masana a tsiku lomwelo ndinazemba pasiwa, ndinathamanga opanda nsapato mpaka kunyumba kwa a Mateyu. Ndinawapeza akusoka mphasa pakhonde. Ndinagwada patali, mpweya uli m'mwambamwamba.

"Ndinanama tsiku lija," ndinatero. "Linali thobwa. M'mbiya muja munali thobwa."

Anandiyang'ana, singano ili m'manja. Ndikhulupirira kuti chisoni anali nacho, koma anachimeza.

"Mwana iwe, usawonjezere tchimo pa tsiku ngati lino. Unanena zoona, ndipo Mulungu anakondwera nawe. Bwerera kumaliro."

Ndinabwerera. M'njira monse ndinkalira, koma sikunali kulira kwa chisoni kokha. Ndinali nditakwiya ndi a Mateyu, ndi ine mwini, ndi Mulungu yemwe amene akuti anakondwera nane. Ndikulemba choncho chifukwa ndi mmene zinalili, ndipo Iye akudziwa kale.

Tsiku loika maliro kunacha ndi nkhungu ndi mphepo yolowa m'mafupa. Anthu anabwera ambiri. Amayi a mpingo anakhala pansi atafunda zitenje zawo za masiku onse, ndipo maduku oyera kunalibe ngakhale limodzi. Atsikana a kwaya anakhala pamodzi pafupi ndi mtengo wa pichesi uja, akuseweretsa timitengo m'dothi. Atayankhula amalume ndi ena a kubanja, anaimirira a Mateyu. Mawu awo anali ochepa. Anati a mpingo abwera ngati anansi kudzalira ndi olira, koma popeza malemuwa anali pa chilango, mwambo wa mpingo sipakhala. Anapepesa abale n'kukhala pansi.

Kenako anafika adzukulu, abambo ndi anyamata okumba manda, matope ali m'miyendo, kudzanena kuti kumanda kwatheka. Anatulutsa bokosi m'nyumba. Linali la matabwa a paini osapaka utoto, ndipo fungo la utomoni wake ndimalimvabe ndikadutsa pa kalipentala. Ine ndi ang'ono anga awiri tinaikidwa kumbuyo kwa bokosi, mayi wina wachibale atandigwira pamkono. Ananyamula. Panali zii, moti ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba.

Apa ndi pamene a Yotamu anadzuka kumbali ya abambo. Anali atavala malaya oyera ndi tayi wakuda, zovala za kwaya, zimene m'mawa wonse anazibisa mkati mwa jasi lawo lakale la ku Joni. Anavula jasilo, anapatsira mnzawo, anakoleka akodiyoni paphewa, n'kukaima kutsogolo kwa bokosi, pamalo pamene pamaima kwaya. A Mateyu anawatsatira msangamsanga.

"A Yotamu, paja tinagwirizana."

"Munagwirizana inuyo. Ine ndinati ayi, ndipo munamva."

"Mukudziwa chotsatira chake?"

"Ndikuchidziwa. Patukani akulu, bokosili likuwalemera anthuwa."

Anayamba kuliza. Inali nyimbo ya m'buku, imene amayi ankaikonda, yomwe ija milomo yawo inkatsatira pamphasa. Bokosi linayamba kuyenda. A Yotamu analiza ndime yonse yoyamba, koma palibe anayimba. Atsikana a kwaya ankayenda maso ali pansi. Amayi amene anaimbapo nyimbo imeneyo pa maliro osawerengeka anatseka pakamwa ndi ngodya za zitenje. A Yotamu anayesa kuyambitsa okha, mawu awiri atatu, chifuwa n'kuwadula. Anatsokomola, analavula pambali, n'kuyambiranso ndime yomweyo. Anthu ena anayamba kuyang'anizana. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti bambowa akudzichititsa manyazi.

Ndipo zinalidi zochititsa manyazi, sindikubisa. Nkhalamba yaifupi yokhayokha kutsogolo, tayi atapindika, ikuliza nyimbo imene gulu lonse lija likuidziwa koma likuikana. Tinadutsa pamjigo ali okhabe. Titafika pa mphambano yopita kumanda anasiya kuliza, anatembenuka n'kuyamba kuyenda chafutambuyo, maso awo akufunafuna mpaka anandipeza. Anandiyang'ana ndi maso omwe aja a pa kwaya, a munthu amene waphonya polowera.

"Wezulo," anatero, "ukudikira ndani?"

Kwathu mwana wa malemu sayimba. Ntchito yake ndi kulira ndi kugwiridwa. Komanso ine ndinali ndi chifukwa china chokhalira chete chimene ndinkayesa kuti palibe akuchidziwa: pakamwa panga pomwepa ndi pamene panabweretsa zonsezi. Ndinkaona ngati ndikangotsegula, a Mateyu aloza chala n'kuuza anthu onse kuti mboni ija ndi iyi. Koma a Yotamu anakoka akodiyoni ija, analiza poyambira, n'kusiya mpata pamene mawu amalowera. Mpata umenewo anausiya wotseguka, akundiyang'anabe, ndipo ine ndinalowa.

Mawu anatuluka aang'ono, onjenjemera. Mayi wondigwira uja ananditsina pamkono n'kunong'ona kuti khala chete iwe. Ndinasolola mkonowo n'kukweza mawu. Ndingakonde kunena kuti ndinayimba modzazidwa ndi Mzimu, koma ayi, ndinayimba ndi ukali. Liwu lililonse ndinkaliponya kumsana kwa a Mateyu, kwa atsikana a kwaya, kwa abambo a majekete amene anamwa mowa wa amayi anga n'kubwera kudzayenda chete kumbuyo kwa bokosi lawo. Ndinayimba ndime yonse ndekha ndi a Yotamu, misozi ndi mamina zikulowa m'kamwa.

Woyamba kutithandiza sanali wa kwaya, sanali ngakhale wa mpingo. Anali a Jailosi, mmodzi wa adzukulu amene ananyamula bokosi, munthu amene m'tchalitchi analowamo komaliza tsiku la ubatizo wake ali khanda, koma pa mowa wa amayi sankajomba ndipo sankabisala kuseri kwa nkhokwe. Mawu a nyimboyo sankawadziwa. Anangogwira maimbidwe ake n'kuyamba kubangula, bokosi lili paphewa, akuphonya mochititsa mantha. Tsiku lina lililonse a Yotamu akanasiya kuliza n'kuwayang'ana. Tsiku limenelo anangogwedeza mutu kuti pitirizani. Adzukulu anzawo analowa nawo. Kenako akazi a a Yotamu, kenako amalume, kenako atsikana awiri a kwaya amene anayamba motsitsa ngati akuba. Amayi ena achikulire anachotsa zitenje pakamwa.

Sikuti onse anayimba. Sanafike ngakhale theka, ndipo ambiri anakafika kumanda milomo ili yotseka monga anauzidwira. Inali nyimbo yosalongosoka, ya zidakwa ndi ana ndi nkhalamba, ena patsogolo ena pambuyo. Koma inamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo sinaduke. Itatha, a Yotamu anayambitsa ina, kenako ina. Analiza bokosi likutsitsidwa, analiza adzukulu akukwirira, mpaka khasu lomaliza. Pamene ankachotsa akodiyoni paphewa, malaya oyera aja anali atanyowa ndi thukuta ngakhale kunkazizira, ndipo anachita kukhala pansi pa udzu kuti mpweya ubwerere. A Mateyu anafika nawo kumanda, anaponya dothi lawo ngati wina aliyense, n'kubwerera osayankhula ndi munthu. Amayi anga anayimbidwa.

Lamulungu lotsatira dzina la a Yotamu linawerengedwa kutsogolo. Anachotsedwa pa kwaya ndi pa Mgonero kwa chaka chathunthu chifukwa chosamvera akulu a mpingo. Amene analipo amati anaimirira, anati ndamva, n'kukakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo. Ine kunalibe. Ndinali nditalumbira kuti m'tchalitchi chimenecho sindidzapondamonso.

Ife ana tinatengedwa ndi amalume. Patatha masabata angapo, masana ena ndikutong'ola chimanga pabwalo, ndinaona njinga ija ikulowa. A Yotamu anapatsana moni ndi akuluakulu, kenako anakoka mpando n'kudzakhala pafupi nane, n'kutenga chisononkho chimodzi kuyamba kutong'ola nawo.

"Sindikukuona kutchalitchi."

"Sindidzapitakonso."

"Ndiye wasiyira ndani? A Mateyu? Chija n'chawo? Njerwa zija tinaumba tonse. Madzi oumbira anatunga amayi ako, iwe uli kumsana."

Ndinatong'ola mwamphamvu mpaka chala chachikulu chinayamba kuwawa. Kenako zinangotuluka zokha, zimene ndinazisunga chaka ndi miyezi.

"Ndine ndinanena. Za mbiya zija. A Mateyu anandifunsa ine, ndipo ndinanena."

A Yotamu sanasiye kutong'ola.

"Ndikudziwa," anatero. "Amayi akonso ankadziwa. Anamva sabata yomweyo, anauzidwa pamjigo ndi mkazi wa mkulu anaima kumbuyo kwako uja."

Chisononkho chinandigwa m'manja. Chaka chonse chija amayi ankandiluka tsitsi, ankandigawira ndiwo, ankagona pafupi nane, akudziwa.

"Nanga bwanji sanandimenye? Bwanji sanandifunse n'komwe?"

"Inenso ndinawafunsa. Anati, mwana wanga anafunsidwa ndi munthu wamkulu ndipo anayankha zoona, ndimumenyerenji? Wochita manyazi akhale wofunsayo. Ndipo anandiletsa kukuuza, pokhapokha utayamba wekha."

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. A Yotamu sananditonthoze, sankadziwa zimenezo. Anadikira mpaka nditatopa, anapukuta manja pa buluku, n'kunena kuti Lamulungu ndikawapeze pa benchi yakumbuyo, malo alipo ambiri chifukwa anthu akuopa kukhala nawo pafupi.

Ndinapita. Tinakhala pa benchi imeneyo anthu awiri, nkhalamba ndi kamtsikana, pomwe mphepo yonse ya pakhomo inkathera. A Yotamu ankafika woyamba Lamulungu lililonse, ankasesa, ankakonza mabenchi, n'kukakhala kumbuyo kwawoko. Kwaya ikaphonya, ndipo inkaphonya kawirikawiri, ndinkawaona zala zikuyenda pabondo, nkhope itachita tsinya ngati akumva dzino. Chaka chitatha anauzidwa kuti aimirire pamaso pa mpingo anene kuti ndinalakwa, abwerere. Anafunsa kuti, "Ndalakwira ndani? Munditchulire munthuyo ndikamupepese." Chilango chinawonjezedwa. Anakhala kumbuyoko zaka zitatu, osapepesa komanso osajomba, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu njinga ija inkaonekabe m'makomo mwa odwala, a mpingo ndi odulidwa omwe. Pomaliza anawabwezera mwakachetechete, popanda mawu aliwonse a kulapa, chifukwa kunkabwera msonkhano wa makwaya ndipo kwaya yathu inali itasanduka choseketsa.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndimaphunzitsa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Sharpevale, ndipo ndili mumpingo womwewo, ndi bulauzi yanga yoyera. Zimene ndikuzimvetsa tsopano sindinazimvetse ndili pa benchi ija. Ndinkayesa kuti kulimba mtima kwa a Yotamu kunali pa tsiku la maliro lija, pamene anauza a Mateyu kuti patukani. Koma tsiku limodzi ngakhale ine ndi ukali wanga ndinalikwanitsa. Chovuta chinali zaka zitatu zija: kukana kupepesa chinthu chimene sunalakwe, koma osanyamuka kuwasiyira nyumba anthu amene akukulangawo. Kunyanyala n'kosavuta, bambo anga omwe anakwanitsa. A Yotamu anakhala pomwepo, pamene a Mateyu ankayenera kuwaona Lamulungu lililonse polowa ndi potuluka.

Sindinena kuti mpingo usakhale ndi malamulo. Koma ziwiri izi sindidzazivomera mpaka nanenso adzandinyamule: kutenga mwana kumusandutsa mboni yotsutsa mayi ake, ndi kulanga mtembo. Munthu akafa mlandu wake wachoka m'manja mwathu, ndipo kukhala chete kumene timakhala popita kumanda amene amakumva si iye, koma ana ake amene akuyenda kumbuyo kwa bokosi. Ine ndinayendapo pamenepo, ndikudziwa.

Choncho kukagwa maliro a munthu wodulidwa kufupi ndi kwathu, ndimavala duku langa loyera n'kupita. Sindidziwa kuliza akodiyoni, koma mawu aja akadali obaya m'makutu. Ndimaima kutsogolo kwa bokosi n'kuyambitsa nyimbo, ndipo nthawi zina ndimayenda mtunda wautali ndisanapeze wondithandiza. Akulu a mpingo andiitanapo kale kawiri pa nkhani imeneyi, ndipo kawiri konseko dzina langa lawerengedwa kutsogolo. Akafuna awerengenso kachitatu, ndidzakhala ndili momwemo kuti ndidzalimve.